Dzina la malonda kuno ku Chilwa: linkachokera kuti kale, likuchokera kuti lero

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, lero ndati tikambeko mbiri ya malonda a kuno kunyanja. Achinyamata akuti masiku ano kuti ugulitse pamafunika dzina, pepala lamaluwa ndi chithunzi pa foni. Sindikutsutsa ayi. Koma dzina la malonda silinayambe ndi foni, ndipo kale mwini malonda sankadzipatsa yekha. Ankapatsidwa ndi ogula.

Tiyambire kutali pang'ono. Kampani ya azungu a ku Scotland, African Lakes, inayamba malonda m'dziko muno mu 1878. Ndani mwa ife amaitchula dzina limenelo? Tonse timati Mandala. Dzinali linachokera pa magalasi a m'maso amene ankavala John Moir, mmodzi mwa oyendetsa kampaniyo. Anthu anaona mandalawo, n'kumutcha choncho, mpaka sitolo zonse zinatenga dzina lomwelo, ndipo nyumba yawo ya mu 1882 ilipobe ku Blantyre. Eni ake anachenjera, sanalimbane nalo dzina la anthu, anangolilandira. Kandodo nayenso akuti ndi chimodzimodzi, dzina linachokera pa ndodo ya mzungu wake.

Kuno kwathu akuluakulu amatiuza kuti kusanabwere ndalama, anthu a m'mbali mwa nyanja ankatcheza mchere ndi kuumitsa nsomba, n'kumakasinthanitsa ndi chimanga, mapira ndi makasu kwa anthu a kumtunda. Malonda otere sungachite ndi munthu wosamudziwa. Umapita kwa bwenzi lako lomwe lija la chaka chatha, iye akupatsa pogona, iwe umusiyira nsomba, chimanga ukatenga akakolola. Ubwenziwo unkafika mpaka kwa ana.

Kenako kunadza sitolo za amwenye m'matauni ang'onoang'ono. Amayi athu ankasimba kuti mmwenye amakudziwa dzina, amadziwa mudzi wako, ukagula nsalu amakuikirako singano kapena kamchere ka banyira, ndipo ukasowa amakulemba m'buku kuti udzabweze ukagulitsa mpunga. Sindikunena kuti onse anali abwino, ena mitengo yawo inali yoboola m'thumba. Koma ankadziwa kuti kasingano kaja ndi kamene kadzabweze munthu mawa. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linawachotsa m'madera a kumidzi kuti azichita malonda m'mizinda mokha, ndipo magolosale ambiri anatsala m'manja mwa anthu akuda, katundu akumakapikula ku Chipiku. Ena anapambana, ena sitolo inatha ndi ngongole za achibale. Banyira analiphunzira, koma buku la ngongole analiiwala.

Kumbali ya mbewu kunali ADMARC, imene inayamba mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Nthawi imeneyo mpunga wa m'masikimu monga Likangala ndi Domasi, amene anakhazikitsidwa ndi thandizo la anthu a ku Taiwan, unkapita kumsika wa boma. Mtengo umodzi, sikelo imodzi. Zinali ndi ubwino wake, munthu umadziwa kogulitsa. Koma kumeneko dzina la mlimi linalibe ntchito. Thumba la munthu wopeta bwino ndi la munthu waulesi ankangowaunjika pamodzi malinga zalowa giredi imodzi. Ndikuganiza kuti alimi a mpunga tinazolowera pamenepo kusalabadira za kasitomala, poti kasitomala sitinkamuona nkhope.

Nsomba ndiye zinali zina. Matemba, makumba ndi mlamba sizinadikire ADMARC. Anthu ankatsika pa njinga kuchokera ku Zomba, ku Jali, ku Songani, ena kutali monga ku Mulanje ndi ku Thyolo, kudzapikula padoko la Kachulu, madengu kumbuyo kwa njinga ataliatali ngati nyumba. Wopikula aliyense anali ndi msodzi wake. Amamubweretsera ufa, sopo, nthawi zina kumukongoza ya ukonde, ndipo msodziyo akatuluka ku zimbowera kapena ku Chisi samagulitsa kwa wina mnzake uja asanafike, ngakhale wina aike ndalama yoposa. Winayo amangomva kuti, “Pepani achimwene, izi zili ndi mwini wake.” Palibe pepala linalembedwa. Ndipo m'misika ya ku Limbe ndi ku Zomba mayi wogulitsa akangoti “a ku Chilwa awa”, wogula samafunsanso zambiri. Dzina la nyanja linali chikwangwani cha tonse, wosauka ndi wolemera yemwe.

Chimene chinkayesa maubwenzi amenewa ndi kuphwa kwa nyanja. Inauma mu 1968, ine ndimangomva kwa makolo. Inaumanso mu 1995, imeneyo ndinaona ndi maso anga, anthu akuyenda pansi pomwe pankadutsa mabwato, matope atang'ambika ngati mapale. Mu 2012 madzi anachepa kwambiri, mu 2018 mabwato anakhalanso pamtunda pa Kachulu. Nthawi zoterezi asodzi ambiri amasamukira ku Malombe, ku Chiuta ndi ku Mangochi. Apa ndi pamene zimaoneka kuti kasitomala weniweni ndi uti. Wopikula wina amangosowa, ngakhale moni. Wina amatsatira msodzi wake komwe wapita, kapena kumutumizira kathumba ka ufa kuti ana asagone ndi njala, podziwa kuti madzi adzabwerera. Madzi atabwerera pambuyo pa 1995, amene anakumbukira anzawo pa chilala ndi amene anayamba kudzaza madengu. Enawo anayambiranso pansi ngati alendo.

Mu 1987 boma linalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi, ndipo chipani chimodzi chitatha mu 1994 mavenda anachuluka zedi. Msika unabwera pakhomo, ndalama ya pompopompo. Koma venda wa chaka chino si wa chaka chamawa, ndiye alibe dzina loti aliteteze. Kwathu kuno anafikapo wina ndi sikelo yopachika pamtengo, thumba limene ndinayeza ndekha n'kukwana 50 kg kwa iye linangoti 44. Titayamba kufunsana, madzulo ake anali atapakira, ulendo. Nawonso alimi ena anabwezera moipa: mchenga m'matemba kuti alemere, mpunga wa Pusa kusakaniza ndi Faya n'kumati yense ndi Faya, ndowa yophwanya pansi. Aliyense akuti ndachenjera. Koma mayi wa ku Ndirande amene waluma mchenga sadziwa dzina la amene anathirayo. Iye amangoti matemba a ku Chilwa ndi amchenga, basi tapsa tonse.

Taonani anzathu a ku Karonga. Mpunga wawo wa Kilombero anaugwirira pamodzi m'magulu a NASFAM, kuusankha, kuuika m'mapaketi, mpaka unafika pogulitsidwa ku Scotland ndi dzina lake lomwelo. Faya wathu fungo lake likuchepa pati? Koma pitani m'misika ya m'tauni, mukapeza mpunga wochokera kuno akuutchula Kilombero kuti ukwere mtengo. Thukuta lathu, dzina la eni. Zimandiwawa, koma wogulitsayo sindimuda kwenikweni, akutchula dzina limene wogula amalikhulupirira.

Chiyambi chilipo. Kuyambira cha mu 2010 kunabwera pulojekiti ya za kusintha kwa nyengo m'chigwa cha Chilwa, ndipo amayi a pa Kachulu anaphunzira kuyanika matemba m'nyumba za pulasitiki zoumitsa ndi dzuwa, pathandala, osati pansi. Matemba ake oyera, opanda mchenga, opanda ntchentche, ndipo amene anawalawa amafunsanso omwewo. Mafoni nawo abwezeretsa kanthu kena ka kale: mlongo wanu wa ku Lilongwe akuimba, akutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, inu mukukweza katoni pa basi. Ameneyo ndi wopikula wa pa njinga uja, kungoti njinga yasanduka foni. Akalandira zabwino auza mnzake wa kuntchito, akalandira zamchenga auzanso.

Tsono inu a m'tauni, pamene mukugulitsa kapena kugawira anzanu mpunga wochokera kuno, muziutchula kuti ndi Faya wa ku Chilwa, musauveke dzina la ku Karonga. Ndipo thumba likafika losakaniza, musangokhala chete n'kusiya kugula. Imbani, mutiuze kuti lachokera kwa yani, tikambirane kuno pansi pa mtengo mpunga wa chaka chino usanalowe m'matumba.