Chikopa cha nswala chinagulitsa dziko

Sabata ino tiyeni tikaone ku America, kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, m'zaka za m'ma 1700. Kumeneko kuli nyama yonga nswala yomwe Azungu amati deer. Yamphongo imakhala ndi nyanga za nthambinthambi. Eni nthaka, monga a Creek, a Cherokee ndi a Yamasee, ankaisaka kuyambira kalekale. Nyama ndiwo, chikopa chovala.

Amuna akapha, ntchito yeniyeni inali ya amayi. Chikopa ankachiviika m'madzi, n'kuchipala kuti ubweya ndi timinofu tichoke. Kenako ankachipaka ubongo wa nyama yomweyo. Inde, ubongo! Mafuta ake ndi amene amalowa m'chikopa n'kuchifewetsa. Akatero ndiye kuchikoka, kuchipotokola, kuchikwecha mpaka chiume chili chofewa. Ukangopuma msanga chimauma gwa ngati chikuni. Pomaliza ankachifukiza utsi wa nkhuni zofumbwa, ndipo utsiwo ndi umene unkachititsa kuti chikanyowa ndi mvula chisaumenso gwa. Kufufuta chikopa chimodzi kunkadya masiku.

Angerezi atamanga doko la Charles Town mu 1670, lomwe lero ndi Charleston, anaona kuti zikopazi zili ndi msika kwawo, komwe ankasokera mathalauza okwerera pa hatchi ndi magolovesi. Pakati pa 1699 ndi 1715, dokoli linkatumiza zikopa pafupifupi 54,000 pa chaka. Mpaka lero ku America dola amaitchula kuti buck, dzina la nswala yamphongo, chifukwa chikopa chinkagwira ntchito ya ndalama.

Apa ndiye mvetserani bwino, makamaka inu anzanga amumsika amene mumasunga kabuku ka ngongole. Amalonda achingerezi sankadikira zikopa. Ankapereka katundu patsogolo: mfuti, wonga, nsalu, mapoto, nkhwangwa ndi mowa wa ramu, wina wothira madzi. Mlenje azalipira akabwera kuuzimba. Koma taganizani, kuti aphe nswala zobwezera ngongole ya mfuti, ankafunika wonga, ndipo wongawo ankautenganso pa ngongole kwa munthu yemweyo. Mitengo woika ndi yemweyo, sikelo ndi yake, kabuku wolemba ndi yemweyo. Katapila amachepa.

Nswala zitayamba kusowa m'dera la a Yamasee, ngongole zinakula. Amalonda ena anayamba kugwira akazi ndi ana a okongola n'kukawagulitsa ukapolo. Mu April 1715 a Yamasee anati zakwana. Anapha amalonda, mitundu ina inalowerera, ndipo South Carolina inatsala pang'ono kugwa. Koma a Cherokee atagwirizana ndi Angerezi, a Yamasee anagonja, ambiri n'kuthawira ku Florida kwa Asipanya.

Malondawo sanathe. Anangokula. M'kupita kwa zaka ogula anayamba kukonda zikopa zosafufuta kuti akazikonzere okha ku Ulaya, ndiye luso lija la amayi linatsika mtengo. Chofunika chinangokhala kuchuluka. Kwa ine apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri, chifukwa phindu la katundu limakhala m'manja mwa womukonza.

Mu 1773, pa msonkhano wa ku Augusta, a Creek ndi a Cherokee anapereka malo oposa maekala 2 miliyoni ku boma la atsamunda la Georgia kuti ngongole zawo kwa amalonda zifafanizidwe m'mabuku.