Agalu a mu Istanbul: Najisi, Chifundo ndi Chilumba cha Sivriada

Mwana aliyense amene wadutsa m'madrasa amadziwa lamulo la galu: akanyambita chiwiya, chitsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa maulendowo ndi dothi. Limeneli ndi lamulo la madh-hab a Imam Shafi'i, omwe Asilamu ambiri kwathu kuno amatsatira, ndipo gwero lake ndi Hadith yodalirika yomwe ili mu Sahih Muslim. Koma ambiri mwa ife tinaimira pomwepo. Tinaphunzira kutsuka chiwiya, osafunsa za galu amene wachinyambitayo: kodi ali ndi ufulu wanji pa ife? Akagona panjira ndi njala, kapena mwini wake akamutaya, Shariah ikuti chiyani? Mbiri ya mzinda wa Istanbul ikuyankha funsoli kawiri, poyamba ndi chifundo cha zaka mazana angapo, kenako ndi nkhanza za chaka chimodzi.

Tiyambe ndi Fiqh, pakuti popanda iyo mbiriyi siingamveke. Ma Ulama anasiyana maganizo pa za unajisi wa galu. Ma Shafi'i ndi ma Hanbali amati galu ndi najisi, thupi ndi dovu lomwe. Ma Hanafi, omwe madh-hab awo ndi amene ufumu wa Ottoman unkatsatira, amati dovu lake ndi najisi, koma ganizo losankhidwa pakati pawo nlakuti thupi la galu wamoyo si najisi palokha. Ma Maliki amati galu wamoyo ndi woyera pamodzi ndi dovu lake, ndipo kutsuka kasanu ndi kawiri kuja ndi kumvera chabe lamulo la Mtumiki (S.A.W). Kusiyana konseku kukukhudza twahara. Funso la moyo wa galu ndi khomo lina, ndipo pakhomo limenelo mabuku athu omwe amalankhula momveka.

Mu Sahih al-Bukhari ndi Sahih Muslim muli nkhani ya munthu wapaulendo amene anatsikira m'chitsime, n'kutunga madzi mu nsapato yake yachikopa, n'kumwetsa galu amene ankavutika ndi ludzu, Allah anamukhululukira. Mulinso nkhani ya mkazi wachiwerewere wa mwa ana a Israeli amene anakhululukidwa pa ntchito yonga yomweyo, ndi ya mkazi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala. Nzoona kuti panali nthawi imene Mtumiki (S.A.W) analamula kuti agalu a mu Madina aphedwe, koma pambuyo pake analetsa, ndipo Hadith ya mwa Abu Dawud ndi Tirmidhi ikuonetsa kuti agalu nawonso ndi mtundu mwa mitundu ya zolengedwa za Allah. Potsatira zimenezi, Imam al-Nawawi anafotokoza kuti galu woluma anthu aphedwe, koma amene alibe choipa nkosaloledwa kumupha.

Ophunzira amene anawerengapo Safinat al-Naja, kabuku ka Sheikh Salim ibn Sumayr al-Hadrami, akumbukire khomo la tayammamu. Munthu akakhala ndi madzi ochepa, pamene chamoyo cholemekezeka chili ndi ludzu, amapereka madziwo ku chamoyocho iye n'kuchita tayammamu. Pa mndandanda wa zosalemekezeka, kabukuka kanatchula galu woluma, osati galu aliyense. Tanthauzo lake nlakuti galu wamba, ngakhale dovu lake ndi najisi yolemera, ludzu lake limaposa wudhu wa munthu wofuna kuswali. Mabuku akuluakulu a madh-hab omwewa amawonjezera kuti amene akusunga galu ayenera kumudyetsa. Akalephera, amupereke kwa wina wololedwa kumusunga, kapena amumasule kuti akadzifunire chakudya. Kumumangirira kuti afe ndi njala ndi haramu. Choncho ntchito yopezera galu wotayidwa khomo latsopano, yomwe ena amaiona ngati mwambo wa Azungu, inalembedwa kale m'makomo a nafaqa.

Tsopano tipite ku Istanbul, likulu la ufumu wa Ottoman kuyambira pamene Sultan Mehmed II anagonjetsa mzindawu mu 1453. Ogier Ghiselin de Busbecq, kazembe wa ufumu wa Habsburg kwa Sultan Suleiman pakati pa 1554 ndi 1562, analemba m'makalata ake zomwe zinamudabwitsa. Anthu a kumeneko ankamuona galu ngati nyama yodetsedwa ndipo sankamulowetsa m'nyumba. Komabe galu wamkazi akaswa m'dera lawo, anthu omwewo ankamutolera mafupa ndi makombo, ndipo ankaiwerengera ntchitoyo kukhala yopezera thawabu. Patatha zaka pafupifupi 100, mlendo wa ku France, Jean de Thévenot, analemba kuti anthu ena pomwalira ankasiya chuma choti chizidyetsa agalu ndi amphaka masiku oikika pa sabata, ndipo ndalamazo zinkaperekedwa kwa ophika buledi kapena ogulitsa nyama kuti azigawa chakudyacho.

Agaluwa analibe mwini mmodzi. Mwini wawo linali dera lonse. Gulu lililonse la agalu linali ndi malire ake m'misewu, linkadziwa anthu a pamalopo, ndipo linkauwa mlendo akafika usiku. Ankadya zotsala zomwe zinkatayidwa kunja, motero ankathandiza kuyeretsa mzinda umene unalibe magalimoto otola zinyalala. Panali ngakhale ntchito ya anthu otchedwa mancacı, oyendayenda ndi chiwindi, mapapo ndi zam'kati zina za nyama. Munthu wofuna kupereka sadaka ankagula kwa iwo, nyamayo n'kuponyeredwa agalu ndi amphaka. Pafupi ndi malo otungira madzi ndi kumanda ankasema timiyala tokhala ngati mbale kuti nyama ndi mbalame zizimwapo. Ku Bursa kunali nyumba yosamaliramo adokowe ovulala, yotchedwa Gurabahane-i Laklakan. Palibe amene ankalembedwa ntchito yodyetsa galu wa pakhonde la sitolo yake. Anthu ankangodzipereka, ndipo anthu omwewo ankatsuka zovala zawo galu akazinyambita, n'kulowa mumzikiti.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1800. Atsogoleri a ufumuwu ankafuna kuti Istanbul ifanane ndi Paris ndi Vienna, ndipo alendo a ku Ulaya ndi America ankalemba za agalu a m'misewu ngati chizindikiro cha kutsalira. Mark Twain, amene anafika mumzindawu mu 1867, ndi mmodzi mwa amene analemba za iwo mowaseka. Panalinso mantha enieni a chiwewe, ndipo misewu yatsopano ya ngolo ndi matramu sinkagwirizana ndi agalu ogona pakati panjira. Olemba mbiri amanena kuti m'nthawi ya Sultan Mahmud II, komanso ya Sultan Abdülaziz, boma linayesa kusamutsira agalu ku chilumba, koma anthu anadandaula mpaka agaluwo anabwezedwa. Wolemba mbiri Alan Mikhail waonetsa kuti ku Cairo nako zinayenda chimodzimodzi: boma la Muhammad Ali litayamba kukonza mzinda mwa njira zatsopano, galu amene kale ankathandiza kuchotsa zinyalala anayamba kuonedwa ngati vuto.

Mu 1908 gulu la Young Turks linatenga mphamvu, ndipo mu 1910 akuluakulu a mzinda anatsimikiza zothana ndi agalu onse. Analemba anthu ogwira agalu ndi mbaniro zikuluzikulu zachitsulo, n'kuwaika m'zikwere, n'kuwakweza m'maboti kupita ku Sivriada, kachilumba kamiyala ka m'nyanja ya Marmara, komwe anthu amakatchanso Hayırsızada, kutanthauza chilumba chopanda ubwino. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi agalu 80,000, ngakhale olemba ena amatchula chocheperapo. Pachilumbapo panalibe chakudya, madzi kapena mthunzi wokwanira. Agalu anafa ndi ludzu ndi njala, ena anadyana, ena anamira posambira kulondola maboti odutsa. Wojambula wa ku France wotchedwa Sem anadutsa pafupi ndi chilumbacho chaka chomwecho, n'kufalitsa zimene anaona. Anthu wamba ambiri sanagwirizane nazo, moti ena anabisa agalu a m'dera lawo m'makomo, anthu omwe aja amene kale sankalola galu kudutsa pakhomo.

Wophunzira Fiqh aone bwino zimene zinachitika pamenepa. Akuluakuluwo sanaphe agalu ndi manja awo. Anangowatsekera pamalo opanda chakudya n'kuchoka. Imeneyi ndi ntchito yomwe ija ya mkazi wa mphaka, kungoti inachitidwa ndi boma ndipo inakhudza nyama masauzande. Chinawatuma chinali manyazi pamaso pa alendo ndi changu chofuna kuoneka otukuka. Lamulo la najisi linalipo zaka zonse zija agalu ankadyetsedwa, ndipo silinatumize galu ndi mmodzi yemwe ku chilumba.

Mu 1911 moto waukulu unatentha madera a mzindawu. Mu Ogasiti 1912 chivomerezi champhamvu chinagwedeza dera la Marmara, ndipo chaka chomwecho inayamba nkhondo ya ku Balkan, imene inalanda ufumuwu pafupifupi malo ake onse a ku Ulaya. Anthu ambiri mu Istanbul ankati ndi chilango chifukwa cha agalu aja. Ife sitingagamule choncho, pakuti zifukwa za mayesero amazidziwa ndi Allah yekha. Chimene mawu awowo akutiuza nchakuti mitima yawo inkadziwa kuti lachitika ndi tchimo. Mu 1912 momwemo munakhazikitsidwa bungwe loteteza nyama mumzindawu, Himaye-i Hayvanat Cemiyeti. Agalu nawo sanathe. Patapita zaka anadzazanso misewu. Mu 2004 dziko la Turkey linakhazikitsa lamulo nambala 5199, lolamula kuti agalu a m'misewu azigwidwa, kutsekedwa kubereka, kubayidwa katemera, n'kubwezedwa komwe anatengedwa. Mu 2024 lamulolo linasinthidwa kuti makhonsolo azisonkhanitsa agaluwo m'malo osungira, ndipo pa mtsutso umene unabuka dzina la Hayırsızada linamvekanso.

Mbiri imeneyi isatichititse kuiwala mbali inayo. Chisilamu sichikutiuza kugona ndi agalu m'nyumba. Hadith za mwa Bukhari ndi Muslim zikuchenjeza kuti wosunga galu popanda chifukwa malipiro ake amachepa tsiku ndi tsiku, kupatula galu wosakira nyama, wolondera ziweto ndi wolondera munda. Ndipo Imam al-Nawawi anati ganizo lolondola kwambiri nlakuti galu wolondera nyumba naye akulowa m'chilolezocho. Moyo wa munthu ulinso patsogolo. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Koma akatswiri a zaumoyo amati njira yothetsera matendawa ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 pa 100 aliwonse m'dera, pakuti kupha agalu mwachisawawa kumangosiyira malo agalu ena osabayidwa. Bungwe la Mission Rabies lakhala likugwira ntchito yotereyi ku Blantyre kuyambira 2015. Apa kuteteza moyo wa mwana ndi kuchitira chifundo galu zikukumana pa ntchito imodzi.

Sheikh Izz al-Din ibn Abd al-Salam, katswiri wa madh-hab a Shafi'i amene anamwalira ku Cairo mu 1262, analemba mu Qawa'id al-Ahkam kuti nyama zili ndi ufulu pa munthu, ndipo mwa ufuluwo muli kuzisamalira ngakhale zitakalamba kapena kudwala moti sizikuthandizanso. Tiyerekeze mawu amenewa ndi zimene timaona m'makwalala mwathu: galu womangidwa unyolo waufupi padzuwa popanda madzi, tiana tagalu totayidwa kudzala, ana a madrasa akugenda galu wowonda anthu akuluakulu akungoyang'ana. Mphunzitsi amene akuphunzitsa khomo la najisi angachite bwino kutsegulanso khomo la tayammamu ndi la nafaqa tsiku lomwelo, kuti mwana adziwe kuti galu amene dovu lake timalitsuka kasanu ndi kawiri ndi yemweyo amene timamusiyira madzi a wudhu.

Ndipo wachinyamata Wachisilamu amene akufuna kudzipereka pa ntchito yopulumutsa agalu otayidwa asachite manyazi. Akhoza kuikira madzi galu waludzu, kutengera wa pakhomo pawo kukatemera, kudziwitsa alangizi a ziweto za galu wodwala kapena woluma, kapena kupezera galu wosiyidwa mlimi kapena banja lofuna mlonda. Poti ma Shafi'i saloleza kugulitsa galu, amupereke ulere. Akamaliza atsuke pamene pakhudzidwa ndi dovu monga anaphunzirira, avale chovala choyera, apite kukaswali. Anthu a mu Istanbul anachita zimenezi kwa zaka zoposa 400 popanda kuona kutsutsana kulikonse.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.