Mudzi wa Kunyanja: Mbiri ya Nguwo ku Senga Bay

Njira yopita kunyanja

Mukachoka paboma la Salima kulowera kummawa, mumayenda pafupifupi makilomita 20 kuti mufike kunyanja. Msewu wake ndi waphula. Dera lake ndi lachidikha, n'chifukwa chake njinga za kabaza zimachuluka. M'mbali mwa msewu muli madambo a mpunga, mitengo ya mango, milambe ndi migwalangwa. Mukamayandikira mumaona mipando yoluka, madengu, mikeka ndi ziboliboli zitayalidwa kudikira ogula. Kenako mumaona phiri la Senga, ndipo fungo la usipa limakulonjerani. Mwafika ku Senga Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga.

Kuno kuli midzi ingapo. Ife tikamba za Nguwo, mudzi wa asodzi umene uli ndi doko lalikulu.

Dzuwa kuno limatulukira m'madzi. Chapafupi pali kachilumba ka Namalenje, kamene alendo amati Lizard Island. Chakumwera kuli zilumba za Maleri. Kukacha bwino mumaona mapiri a kutsidya, kwa Makanjira.

Eni dera ndi obwera

Anthu akale a m'mbali mwa nyanjayi anali Amaravi, makolo a Achewa ndi Anyanja. Ankalima mapira, ankasema mabwato, ankatchera miono m'mitsinje. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao kuchokera kutsidya kwa nyanja. Iwo anali anthu amalonda, ndipo ambiri analowa Chisilamu. Inali nthawi yovuta, chifukwa malonda a minyanga ankayendera limodzi ndi malonda a akapolo. Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Britain, ndipo malonda a anthu anathetsedwa m'zaka zotsatira.

Pambuyo pake kunabwera Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Likoma, kutsata nsomba. Ena ankabwera miyezi yochepa n'kubwerera kwawo. Ena anapempha malo kwa mafumu, anakwatira, anakhazikika. Lero padoko mumamva Chichewa, Chiyao ndi Chitonga nthawi imodzi. Mbandakucha mumamva kuitana kwa kumzikiti, Lamulungu mumamva belu la kutchalitchi. Maliro akagwa, onse amapita.

Njanji, thonje ndi likulu

Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, kudzera pa Chipoka. Tauni ya Salima inakula chifukwa cha njanjiyi. Thonje, mtedza ndi fodya zinkakwera sitima pamenepa. Azungu a nthawi imeneyo anakonda mchenga wa Senga Bay. Hotela imene lero ndi Sunbird Livingstonia Beach kale inkatchedwa Grand Beach Hotel.

Mu 1968 kunayamba ntchito yaikulu yotukula ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima, ndi thandizo la dziko la Germany. Alimi ambiri analowa ulimi wa thonje ndi mpunga.

Koma chimene chinasintha mudzi wathu kwambiri chinachitika mu 1975. Chaka chimenecho likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100. Munthu wa ku likulu akafuna kusamba m'nyanja Loweruka, gombe lapafupi ndi la Senga Bay. Kuyambira pamenepo mchenga umene makolo ankangoyanikapo makoka unayamba kukhala ndi mtengo. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Usiku panyanja

Dzuwa likapendeka, padoko pamakhala piringupiringu. Anyamata amanyamula zigubu za petulo. Ena amasoka khoka pamene lang'ambika. Ena amamanga injini kumbuyo kwa boti.

Khoka la usipa ndi chilimira. Limafuna maboti awiri ndi bwato la nyali. Munthu wokhala m'bwato la nyali amatchedwa siginala. Iye ndiye diso la gulu lonse. Amapalasa mwakachetechete, kuyang'ana m'madzi, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala. Ukachuluka, amautsogolera pang'onopang'ono kukamwa kwa khoka, n'kuuza anzake kuti akoke. Siginala wodziwa ntchito eni makoka amamulimbirana. Kale nyali zinali za palafini. Masiku ano ambiri amayatsa mababu a batire. Mukaima pagombe usiku wamdima, nyalizo zimandandalika ngati tauni yoyandama.

Mwezi ukawala kwambiri, usipa sutsata nyali, ndipo ambiri amapuma. M'miyezi ya June ndi July kumawomba mwera. Mafunde amakula, maboti amakokeredwa kumtunda. Msodzi amene wakakamira kulowa m'madzi tsiku la mwera chifukwa cha ngongole amaika moyo wake pachiswe. Mabanja ambiri kuno ali ndi wina amene anapita osabwerako.

M'mawa padoko

Kukamacha, amayi amakhala atafika kale ndi mabeseni. Boti lisanagunde mchenga, ena alowa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje atachikwinyira m'mwamba.

"Achimwene, chigoba mukuchita bwanji lero?"

"Lero zavuta, mayi. Taonani nokha m'botimu."

"Tsitsaniko pang'ono, dzulo ndinagula kwa inu nomwe."

Mtengo wa m'mawa umenewo ndiwo umalamula tsiku lonse la mudzi. Usipa ukaphedwa wambiri, wogulitsa zitumbuwa amagulitsa, telala amapeza ntchito, wakabaza sapuma. Ukasowa, ngakhale wagolosale amangoodzera.

Usipa ukagulidwa umapita pathandala. Thandala ndi tebulo lalitali la mitengo ndi bango. Mayi amamwaza usipa ndi dzanja, kuusalaza kuti usaunjikane, n'kumautembenuza dzuwa likamakwera. Mwana amaima pambali ndi kamtengo kuingitsa akhwangwala. Wina amafutsa usipa m'madzi otentha amchere asanauyanike. Nsomba zikuluzikulu monga kampango, mcheni ndi mlamba zimawambidwa pamoto. Nthawi ya dzinja mtambo ukangoda, mudzi wonse umathamangira kumathandala ndi mapepala apulasitiki. Usipa ukavumbwa umanunkha, ndipo mpamba wonse wapita.

Ukauma umalongedwa m'matumba. Umapita kumsika wa Salima, ku Lilongwe, ku Dedza, mpaka ku Mchinji. Anthu ambiri amene amadya usipa m'tauni sadziwa kuti wadutsa m'manja angati.

Chuma cha pakhomo

Chuma cha mudzi uno chili m'magulu osiyana. Khoka, boti ndi injini ndi za munthu mmodzi, mwini zipangizo. Anyamata okoka khoka alibe kanthu koma mphamvu zawo. Nthawi zambiri amayamba achotsa ndalama ya petulo, yotsalayo n'kugawana ndi mwini khoka. Tsiku lopanda nsomba amabwerera chimanjamanja.

Thandala, mbaula ndi beseni kawirikawiri ndi za amayi. Amayi ambiri ali m'magulu a banki m'khonde. Kumeneko ndi kumene kumachokera mpamba wa geni, fizi ya ana ndi malata a nyumba. Kunena zoona, ndalama ya mayi wa usipa imaoneka pakhomo kuposa ndalama ya mnyamata wa m'boti. Ya m'boti imabwera usiku umodzi, ndipo kawirikawiri imathanso usiku umodzi.

Munda ndi malo a nyumba ndi za mbumba. Pakati pa Achewa ndi Ayao malo amatsata kuchikazi. Mwamuna amabwera chikamwini. Mwinimbumba, amene ndi mchimwene kapena mtsibweni, ntchito yake ndi kuyang'anira. Malowo si ake.

Ndiye pali chuma china chimene sichilembedwa dzina la munthu aliyense. Ndi doko, mchenga woyanikapo makoka, ndi tinjira tochokera m'mudzi kutsikira kumadzi. Popanda zimenezi khoka lilibe pofikira, thandala lilibe poima, mayi alibe pochapira.

Mpanda

Ndikuuzeni zimene zinachitika kwathu. Agogo anga anasiya malo oyambira pamtengo wa mango kutsika mpaka kumchenga. Pakati pake pankadutsa kanjira kamene mudzi wonse unkayendamo popita kukatunga madzi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe pagalimoto. Anacheza ndi atsibweni anga pansi pa mango uja. Anabweranso kachiwiri ndi pepala la Chingerezi. Atsibweni sankadziwa kuwerenga. Anadinda chala. Iwo ankati agulitsa kachigawo kakang'ono ka m'mphepete. Pepalalo linkanena malo onse, ndi kanjira komwe.

Amayi anga anamva nkhaniyi ataona njerwa zikutsitsidwa.

"Achimwene, malo a amayi athu mwagulitsa osatifunsa ife alongo anu?"

"Achemwali, ndimati ndikuuzani ndalama zikakwana."

Amayi sanayankhe. Anakhala pansi pakhonde, n'kuyamba kusankha mpunga m'lichero, misozi ikugwera momwemo.

Ndalamazo zinagula malata ndi injini yakale ya boti. Injiniyo inafa pasanathe zaka ziwiri. Mpanda umene wogula uja anamanga ulipo mpaka lero, ndipo pamwamba pake anaikapo mabotolo osweka. Amayi, atakalamba kale, ankazungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu kuti afike pamadzi amene kale ankawaona ali pakhomo.

Sindikunena kuti mahotela ndi nyumba za alendo n'zoipa. Ana athu ambiri amagwira ntchito kumeneko, ena ndi alonda, ena ophika, ena osamalira maluwa. Oluka mipando ndi osema ziboliboli amadalira alendo omwewo. Koma ntchito ya ulonda pamalo amene anali a agogo ako si malipiro okwanira. Ndipo mipanda ikalumikizana kuyambira uku mpaka uko, mudzi wa asodzi umatsala kuseri, wopanikizika, nyumba zitathithikana, zimbudzi zilibe pokumba. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sanasiye Salima. M'madoko odzaza anthu matendawa amafala msanga.

Nyanja imabwerera pake

Akuluakulu amati nyanja siiwala pamene inagonapo. Mbiri ikuvomereza. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 madzi anali otsika kwambiri, moti mtsinje wa Shire unasiya kutuluka m'nyanja. Cha m'ma 1980 anakwera kwambiri. Mu 2024 anakweranso, n'kulowa m'nyumba, m'mahotela ndi m'minda ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Mipanda ina inagwa. Mathandala anasamutsidwira kumtunda, kumene malo anali ochepa kale.

Makolo sankamanga nyumba pamchenga penipeni. Ankasiya mpata pakati pa madzi ndi mudzi. Mpata umenewo ndi umene wagulitsidwa.

Za ku Mbenji

Kumpoto kwa Senga Bay, m'boma lomweli la Salima, kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira (osati Makanjira wa kutsidya uja). Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pachilumbachi nthawi ya dzinja, kuyambira mu December, n'kudzatsegula cha mu April. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga. Salolezanso kupha nsomba ndi nyali. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenji ndi wotchuka mpaka lero.

Boma nalo limatseka makoka ena panyanja ya Malawi kuyambira pa 1 November, kuti chambo chiswane. Lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mpata woti asodzi eni ake, kudzera m'makomiti a padoko, azithandiza kuyang'anira nsomba. Komabe chambo chachepa, ndipo ena akuphabe tiana ta nsomba ndi maneti a udzudzu. Anthu a ku Mbenji anatha kusunga nsomba zawo chifukwa anagwirizana, ndipo mfumu sinaone nkhope. Ngati zinatheka ndi nsomba zimene zili pansi pa madzi, zingathekenso ndi doko ndi njira zimene tonse tikuziona.

Lamulo la malo

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la malo a makolo. Lamuloli limati m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti yoona za malo. Wapampando ndi gulupu. Mamembala ena ndi asanu ndi mmodzi, osankhidwa ndi anthu a m'mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Banja likhoza kulembetsa malo ake n'kulandira chikalata. Malo ogwiritsa ntchito anthu onse sayenera kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, mwina mukuwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Pitirizani. Munthu akabwera ndi pepala la malo, musadinde chala tsiku lomwelo. Muuzeni alisiye. Itanani alongo anu ndi ana awo, muitanenso a komiti ya malo. Pepalalo liwerengedwe mokweza, limasuliridwe m'Chichewa kapena m'Chiyao. Kenako nonse muyende naye wogulayo m'malire, ndipo mumuonetse njira yopita kunyanja kuti imeneyo siili pamalonda.