Kusiyana kwa Pumbwa ndi Apalis wa Khosi Lachikasu

Unduna ukufuna kudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse za mbalame ziwiri zoyimba za m'dziko muno, zomwe tsogolo lake ndi losiyana kwambiri.

Magulu ake

Akatswiri a sayansi amaika mbalame zonse ziwirizi m'gulu lalikulu la Passeriformes, momwe muli mbalame zoyimba, koma mabanja ake ndi osiyana. Pumbwa, amene dzina lake la sayansi ndi Pycnonotus tricolor, ali m'banja la Pycnonotidae. Ali ndi mutu wakuda, msana wotuwira ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira, ndipo amadya zipatso ndi tizilombo. Apalis wa khosi lachikasu, Apalis flavigularis, ali m'banja la Cisticolidae. Ndi kambalame kakang'ono kuposa pumbwa, kobiriwira kumsana, kachikasu pakhosi ndi pamimba, kokhala ndi mzere wakuda pachifuwa. Kamasaka tizilombo m'masamba a mitengo.

Kumene zimapezeka

Pumbwa amapezeka m'maiko ambiri a pakati, kummawa ndi kummwera kwa Africa, ndipo amakhala bwinobwino m'midzi, m'minda ngakhalenso m'matauni. Apalis sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'Malawi muno, m'nkhalango zobiriwira za m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa.

Chiopsezo cha kutha

Bungwe la IUCN, lomwe limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, limaika pumbwa m'gulu la Least Concern, kutanthauza kuti palibe nkhawa yoti angathe. Apalis ali m'gulu la Endangered, la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu. Gwero la vutoli ndi kutha kwa nkhalango chifukwa cha kuwotcha makala, kucheka matabwa, kutsegula minda m'mapiri ndi moto wolusa. Mitengo ikatha pamalo ena, pumbwa amasamukira kwina. Apalis alibe kopita. Nkhalango za mapiri atatuwa zikatha, mbalameyi idzazimiririka padziko lonse.

Pempho kwa anthu onse

Nkhalango za Mulanje, Zomba ndi Malosa ndi zotetezedwa pansi pa Lamulo la Zankhalango la 1997. Unduna ukupempha alimi kuti asalime kapena kuyatsa moto m'malo otetezedwa, ndipo amalonda asagule makala ndi matabwa opanda chilolezo. Aliyense woona mchitidwe woononga nkhalango akanene ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lake kapena kupolisi. Nkhalango zomwezi ndizo zimasunga akasupe a mitsinje imene anthu a m'munsi mwa mapiriwa amadalira pa madzi akumwa ndi ulimi wothirira.