Pitch bend ndi arpeggiator pa kiyibodi

Pitch bend ndi arpeggiator ndi zipangizo ziwiri zopezeka pa makiyibodi ambiri amagetsi. Pitch bend imakweza kapena kutsitsa liwu la noti pang'onopang'ono woimba akadali chisindikizire kiyi, pomwe arpeggiator imatenga manoti amene woimba wagwira pamodzi n'kumawaliza limodzilimodzi motsatizana. Ku Malawi zipangizozi zimamveka m'mabandi, m'masitudiyo ndi m'makwaya a m'matchalitchi, kuphatikizapo a kumapiri a ku Dedza.

Mbiri

Kagudumu ka pitch bend kanatchuka ndi Minimoog, chida cha kampani ya Robert Moog chomwe chinatuluka ku America mu 1970. Makampani ena anasankha njira zawo: Roland imakonda kandodo kokankhira kumanzere ndi kumanja, Korg imakonda kandodo koyenda mbali zinayi, pomwe Yamaha imaika kagudumu kumanzere kwa makiyi.

Dzina la arpeggiator likuchokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza kuimba ngati zeze. Chimodzi mwa zida zoyambirira kutchuka nayo ndi Roland Jupiter-4 ya mu 1978. Mu 1983 kunabwera MIDI, njira yoti zida zamakampani osiyana zizilumikizana, ndipo mu 1991 muyeso wa General MIDI unakhazikitsa kuti pitch bend iziyambira pa masemitoni 2 kukwera ndi 2 kutsika.

Kutchera pitch bend

Kagudumuka kali ndi sipuling'i yomwe imakabweza pakati woimba akakasiya. Mu MIDI malo a kagudumuka amawerengedwa kuchokera pa 0 mpaka 16383, ndipo pakati, pomwe liwu silisintha, ndi pa 8192.

Chomwe woimba amatchera ndi kutalika kwa mtunda umene liwu lingayende. Pa makiyibodi ambiri a Yamaha PSR okhala ndi kagudumuka, izi zimapezeka posindikiza batani la Function ndi kusankha Pitch Bend Range. Nambala iliyonse ndi semitoni imodzi. Akaika 2, do amafika pa re akakankha kagudumu mpaka kumapeto. Akaika 12, liwu limayenda okitevu yonse. Nambala yaikulu imavuta kuiwongolera chifukwa chala chikangosuntha pang'ono liwu limapita kutali, choncho 2 ndi imene imayenera nyimbo zambiri.

Pitch bend imakoma ndi mawu otsanzira gitala, chitoliro kapena saxophone, ndipo kamvekedwe kake kamafanana ndi momwe woimba kaligo amatsetserezera chala pa nsambo. Piyano yeniyeni sipinda liwu chotero, n'chifukwa chake oimba ambiri saigwiritsa ntchito pa mawu a piyano. Pitch bend ndi yosiyananso ndi Transpose, yomwe imasuntha nyimbo yonse kuti igwirizane ndi mawu a kwaya n'kukhazikika pomwepo.

Kutchera arpeggiator

Woimba akagwira do, mi ndi so nthawi imodzi, arpeggiator imawaliza mobwerezabwereza, monga momwe zala zimayendera pa kalimba kapena bangwe. Zofunika kutchera ndi izi.

Ndondomeko ya manoti. Up imayambira pansi kukwera, Down imayambira pamwamba kutsika, Up/Down imakwera n'kutsikanso, pomwe Random imasakaniza.

Liwiro. Limayezedwa ndi kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi. Pa liwiro la 120, pamakhala kugunda kuwiri pa sekondi. Akasankha 1/8 pamalira manoti 4 pa sekondi, akasankha 1/16 pamalira 8, ndipo akasankha 1/8T, yomwe imagawa kugunda kulikonse patatu, pamalira 6.

Kukula kwa malo. Arpeggiator ikhoza kukhala mu okitevu imodzi kapena kubwereza manoti omwewo m'maokitevu awiri kapena kuposerapo.

Kutalika kwa noti. Gate yaifupi imadula manoti kuti azimveka ngati akudumpha, yaitali imawalumikiza.

Hold kapena Latch. Iyi imapitiriza kuliza manoti ngakhale woimba atachotsa dzanja, kufikira atagwira ena.

Ngati kiyibodi yalumikizidwa ku kompyuta kapena ku makina a ng'oma, chida chimodzi chokha ndicho chiyenera kulamulira liwiro. MIDI imatumiza zizindikiro 24 pa kugunda kulikonse kuti zida zonse ziyendere limodzi.

Ku Malawi ndi ku Dedza

Kiyibodi inazika mizu m'nyimbo za ku Malawi makamaka kudzera ku Balaka, komwe gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika. Paul Banda, mmodzi wa oliyambitsa, anajambula oimba ambiri m'situdiyo yake ya Imbirani Yahweh, ndipo kamvekedwe ka ku Balaka kanafalikira m'dziko lonse m'zaka za m'ma 1990.

Ku Dedza kiyibodi imamveka kwambiri m'mapemphero, pa maukwati ndi pa zikondwerero za makwaya, m'maparishi a Dayosizi ya Dedza, yomwe tchalitchi chake chachikulu chili ku Bembeke, ndi m'mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Nkhoma. Kuyambira pa msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965, mpingo wa Katolika unatsegula khomo ku nyimbo ndi ng'oma za makolo, ndipo lero kiyibodi imaimbidwa pamodzi ndi ng'oma ndi visekese. Nyimbo zambiri zochokera ku magule a Achewa ndi Angoni zimagawa kugunda patatu. Woimba akatchera arpeggiator pa 1/16 m'nyimbo yotere, makina amalimbana ndi ng'oma ndipo ovina amasokonezeka. Yoyenera pamenepo ndi 1/8T.

Zovuta zodziwika

Arpeggiator simvera anthu. Mpingo ukamaimba umafulumira pa kolasi n'kuchedwa kumapeto kwa ndime, koma makina amangopitirira pa liwiro limene anatcheredwa. Batani la Tap Tempo limathandiza kubweza makinawo pa liwiro la oimba, ndipo pa nyimbo zodekha, monga za pamaliro, n'kwabwino kungoizimitsa.

Fumbi likalowa m'kagudumu ka pitch bend kapena sipuling'i ikafooka, kagudumuka sikabwerera pakati penipeni. Zikatero kiyibodi yonse imamveka yokwera kapena yotsika pang'ono, ndipo kwaya imatha kuganiza kuti yalakwitsa ndi iyo. Kufunditsa nsalu pa kiyibodi ndi kuinyamula m'chikwama kumachepetsa vutoli.

M'midzi yopanda magetsi makiyibodi amayendera batire, sola kapena jenereta. Moto ukaduka pakati pa mapemphero, zina zimene woimba anatchera zimatha kufufutika. Pa makiyibodi a Yamaha, Registration Memory imasunga mawu, liwiro ndi zotchera zina kuti zibwerere posindikiza batani limodzi.