Fountain pen

Fountain pen ndi cholembera chimene chimasunga inki yamadzi m'mimba mwake ndipo chimalemba ndi nsonga yachitsulo yong'ambika pakati, yotchedwa nib. Chimasiyana ndi bolopeni, imene inki yake ndi yolimba ngati phala ndipo imatuluka kampira kakang'ono kakamagudubuzika papepala. Masiku ano ambiri mwa anthu amene amalembera zolembera zimenezi amatero chifukwa chozikonda. Ena amazisonkhanitsa, ena amakonza zakale, ndipo ena amangofuna kuti dzanja lisamatope polemba.

Mbiri

Petrache Poenaru wa ku Romania analandira chikalata cha umwini wa cholembera chosunga inki ku France m'chaka cha 1827. Zolembera za m'nthawi imeneyo zinkavuta chifukwa inki inkadontha kapena kukana kutuluka. Mu 1884, Lewis Waterman wa ku New York analembetsa njira yake yoyendetsera inki m'timipata tating'ono, ndipo zolembera zinayamba kudalirika. George Parker anakhazikitsa kampani yake mu 1888, ndipo ku Japan kunabwera Sailor mu 1911, Pilot mu 1918 ndi Platinum mu 1919. Malonda anatsika bolopeni itafala, makamaka Bic Cristal itatuluka mu 1950. Ngakhale zili choncho, m'sukulu zambiri za pulayimale ku Germany ana amaphunzirabe kulemba ndi fountain pen.

Mmene chimagwirira ntchito

Pansi pa nsonga pali kachidutswa ka pulasitiki kapena mphira wolimba kotchedwa feed. Kachidutswaka kali ndi timipata timene inki imayendamo mpaka kufika pa mng'alu wa nsonga, monga mmene palafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Inki ikamatuluka, mpweya umalowa kukatenga malo ake. Ziwirizi zikapanda kulingana, cholembera chimadontha kapena kuuma. N'chifukwa chake cholembera chosadzaza bwino chimatha kutaya inki m'ndege kapena padzuwa, mpweya wa mkati ukafufuma.

Wolemba safunika kukanikiza. Nsonga ikangokhudza pepala inki imatuluka yokha, ndipo munthu wozolowera bolopeni akakanikiza mwamphamvu amatha kukhotetsa nsongayo.

Kuyamba

Anthu odziwa amalangiza woyamba kumene kuti agule chotchipa, monga Platinum Preppy, Pilot Metropolitan, Lamy Safari imene inatuluka mu 1980, kapena za ku China za Jinhao ndi Hero. Nsonga yagolide si umboni wakuti cholembera chilemba bwino, chifukwa chimene chimakhudza pepala si golideyo koma kachitsulo kolimba komatidwa kumapeto kwake. Nsonga yachitsulo wamba yosalazidwa bwino imakwanira. Amene akuthamangira mayina otchuka ngati Montblanc ayeneranso kudziwa kuti zachinyengo zake zilipo zambiri.

Kukula kwa nsonga kumalembedwa ndi zilembo: EF ndi yopyapyala kwambiri, F yopyapyala, M yapakati, B yokhuthala. Nsonga za ku Japan nthawi zambiri zimalemba mopyapyala kuposa za ku Ulaya za chilembo chomwecho. Wophunzira amene amalemba m'makope wamba amathandizidwa ndi F kapena EF, chifukwa nsonga yokhuthala imathira inki yambiri imene imamwazika ndi kuonekera kuseri kwa pepala. Mapepala a Rhodia, Clairefontaine ndi Tomoe River amadziwika kuti samwaza inki, koma ndi okwera mtengo.

Inki imalowetsedwa m'njira zingapo. Pali timachubu totsekedwa totchedwa cartridge, timene timatayidwa inki ikatha. Pali kachipangizo kotchedwa converter kamene kamakoka inki ya m'botolo, ndipo pali zolembera zokhala ndi kapampu kake mkati, monga za Pelikan kuyambira mu 1929. Apa m'pamene oyamba ambiri amataya ndalama: Lamy, Pilot ndi Parker iliyonse ili ndi cartridge yakeyake imene nthawi zambiri silowa m'cholembera cha kampani ina. Kwa munthu wokhala kutali ndi masitolo ogulitsa zimenezi, converter ndi botolo limodzi la inki ndiye njira yodalirika.

Cholakwa chachikulu ndi kuthira inki yolakwika. Inki yojambulira yotchedwa India ink imauma ngati guluu ndipo imatseka timipata ta mkati, mwina osatsegukanso. Inki yoyenera ndi yokhayo imene pabotolo pake palembedwa kuti ndi ya fountain pen. Potsuka, madzi ozizira aukhondo amakwanira. Madzi otentha ndi sipiliti zimawononga pulasitiki. Cholembera chimatsukidwa posintha mtundu wa inki komanso chisanasungidwe kwa nthawi yaitali, ndipo chivundikiro chimabwezeredwa munthu akangosiya kulemba.

Kukumana ndi ena

Popeza dzanja la munthu aliyense ndi losiyana, cholembera chimadziwika bwino pochiyesa. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene okonda zolemberazi amakumanirana. Aliyense amabwera ndi zake, anzake amalemberako, ndipo amagawana inki m'timabotolo tating'ono kuti munthu asagule botolo lonse la mtundu umene sadzaukonda. Pali mwambo wake: munthu amayamba wapempha asanagwire cholembera cha mnzake, ndipo amafunsa ngati chivundikiro chake n'chozungulitsa kapena chokoka, chifukwa kukoka chozungulitsa kumathyola mazinga.

Ku Britain kuli bungwe la Writing Equipment Society limene linayamba mu 1980, ndipo ku America kuli Pen Collectors of America. Zionetsero za zolembera zimachitika chaka ndi chaka m'mizinda monga Washington, London ndi Tokyo. Kumeneko kumapezekanso amisiri amene amasalaza nsonga kuti igwirizane ndi kalembedwe ka mwini wake. Kampani ya Pelikan inayamba mu 2014 kukonza misonkhano yotchedwa Pelikan Hubs, imene imachitika tsiku limodzi m'mizinda yambiri padziko lonse. Lachisanu loyamba la mwezi wa Novembala limakumbukiridwa ngati Fountain Pen Day kuyambira mu 2012.