Mawu amene anatulukira kukhomo la kukhitchini

Munthu wa ku Chilomoni kapena ku Machinjiri akalandira malipiro n'kuganiza zokalawa za amwenye m'tauni, kaya ku Bombay Palace kaya ku Veg Delight, chimene chimayamba kumufooketsa si tsabola ayi. Ndi pepala la mayina a zakudya lija. Paneer tikka, dal makhani, aloo gobi: maso amangotsetsereka, lilime kusowa pogwira. Mnyamata woperekera zakudya, yemwe mwina kwawo n'ku Chilomoni komweko, amawerama n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, musaope, iyi ndi mbatata ya kachewere ndi kolifulawa basi. Iyi ndi mphodza yothira batala." Ndiye pakati pa mayina achilendowo pamatulukira awiri osafuna womasulira, samusa ndi chapati. Amenewa mwana wa ku Ndirande amawadziwa asanayambe n'komwe sukulu.

Zonsezi zimaphikidwa m'khitchini imodzi. Nanga zinatheka bwanji kuti mayina ena awoloke mitsinje ya Mudi ndi Nasolo n'kukakhazikika m'malokeshoni, ena n'kutsalira papepala? Ine ndimaona kuti dzina la chakudya limapita kunyumba ndi munthu amene wakanda ufa ndi manja ake, ndipo limakhalitsa ngati chakudyacho n'chotheka kuphika ndi ndalama za kwathu.

Samusa timamutcha wa amwenye, koma ku India nako anafika ngati mlendo. Dzina lake linachokera ku Persia, kumene lero ndi ku Iran, ndipo kumeneko ankati sanbosag. Aluya anati sambusak. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, anamupeza pa chakudya cha mfumu Muhammad bin Tughluq ku Delhi m'zaka za m'ma 1300, m'kati muli nyama yogaya, anyezi ndi mtedza wa kumeneko. Kuchokera apo dzinalo linagawana njira. Ku Zanzibar ndi ku Mombasa amati sambusa. Apwitikizi analitola ku Goa n'kuliti chamuça, ndipo mukafika ku Tete kapena ku Beira mudzalimva choncho. Ku Durban amalemba samoosa. Ife timati samusa, akachuluka masamusa.

Maonekedwe ake amaulula amene anamubweretsa. Kumpoto kwa India samusa ndi wamkulu, wa khungu lochindikala, wodzaza mbatata. Wathuyu ndi wopyapyala, wokhukhuta, wa ngodya zitatu zakuthwa, monga amapangira Asilamu a ku Gujarat. Kamuoneni mayi wa ku Bangwe akumupanga kusanache. Amagudubuza timitanda tating'ono, kutipaka mafuta, kutisanjikiza, kenaka kugudubuza tonse pamodzi mpaka tipyapyale. Amaika pa chiwaya chotentha kanthawi kochepa chabe, osadikira kuti tipse, n'kuyamba kumatula kamodzikamodzi chala chikupsa. Akadula mizere, amapinda kawiri kuti patuluke kathumba, n'kuthiramo anyezi, mbatata ndi kanyama ngati ilipo, kenaka kumata pakamwa ndi phala la ufa wosaphika. Dzuwa likamatuluka masamusa ali kale m'ndowa yovindikira, ulendo wa pa geti ya sukulu kapena pa depoti. Luso lomatula lija silibwera ndi kuonerera m'mbale. Pali munthu amene anaima m'khitchini ya mwenye zaka zambiri, dona akumukonza dzanja, mpaka analigwira n'kupita nalo kwawo.

Dzina loti mwenye nalo lili ndi nkhani yake, ndipo silichokera ku India. Pa Chiswahili mwenye ndi mwini chinthu, mwenye duka kutanthauza mwini sitolo. Pa Chiyao mwenye ndi mfumu, munthu wopatsidwa ulemu. Ku Mozambique Apwitikizi anamva anthu a kugombe akutchula amalonda achisilamu motero, iwo n'kulemba monhé. Tsinde lake n'la kuno ku Africa, pachibale ndi liwu lathu loti mwini. Choncho tikati mwenye sitikutchula dziko limene munthu anachokera. Tikutchula pamene anaima titakumana naye: iye kuseri kwa kauntala, ife kutsogolo ndi khobidi m'manja.

Kukumanako kunayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1891 mtsamunda Harry Johnston anabweretsa asilikali ochokera ku India, ambiri a iwo Asikh. Amalonda a ku Gujarat anatsatira, kukwera ndi mtsinje wa Shire, n'kutsegula masitolo ku Chiromo, ku Blantyre ndi m'madera ena. Njanji itafika mu 1908, Limbe anakula, ndipo misewu yake inadzaza masitolo a amwenye. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula kuti achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, azichita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Mabanja anaunjikana mu Limbe ndi mu Blantyre, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi khukhi. Makhukhi amenewa ankalawirira wapansi kuchokera ku Bangwe, ku Ndirande, ku Zingwangwa, kulowera khomo la kuseri, n'kubwerera usiku malaya akununkha adyo. Malipiro awo anali ochepa ndipo mayina awo palibe anawalemba, koma ndi iwo amene anasintha fungo la m'mawa pa misika ya mzinda uno. Zimandikhudza kuti tikamayamikira chakudya cha m'malesitilanti a m'tauni timatchula dzina la pa chikwangwani, pomwe nthawi zambiri amene wagwira chikombe kuseriko ndi m'bale wathu wa ku Machinjiri.

Liwu limene limandisangalatsa koposa ndi kale, ufa wachikasu wothira m'nkhuku uja. Papepala limafanana ndi kale wa kalekale, koma palibe ubale. Linachokera kum'mwera kwa India, pa chilankhulo cha Tamil, kumene kari ndi chodyera mpunga. Kunena mwachindunji, kari ndi ndiwo. Apwitikizi analitenga n'kuliti caril, ndipo ku Mozambique mpaka lero caril ndi ndiwo za msuzi, kaya za nkhuku kaya zotendera. Angerezi analitenga n'kuliti curry, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ku London anali atayamba kugulitsa zokometsera zosakaniziratu m'dzina limenelo, pofuna kuthandiza amene anazolowera chakudya cha ku India koma osadziwa kusakaniza okha. Ife ndiwo tinali nazo kale ndi dzina lake. Chimene tinalibe ndi ufawo. Choncho liwu limene kwawo limatanthauza mphika wonse linafika kuno litachepa, n'kukhala kapaketi ka pa okala.

M'khitchini ya mwenye simumva wina akuitanitsa kale. Amati masala, ndipo chilichonse chili ndi botolo lake ndi dzina lake: jeera, dhania, haldi. Khukhi wa ku Ndirande amazidziwa zonsezi, amadziwanso chimene chimayamba kugwera m'mafuta ndi chimene chimathiridwa pomaliza. Koma mayina amenewa amawasiya kuntchito pamodzi ndi epuloni. Kunyumba kwake ndalama yogulira mabotolo onsewo kulibe, ndiye mayinawo alibe chowasunga.

Pali chifukwa china chimene mawu ena analekera panjira. Dal ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa amwenye, ndipo dzinali limachokera ku tsinde la Sanskrit lotanthauza kung'amba, poti njere zimachotsedwa khungu n'kugawidwa pakati. Nandolo wa ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe amagulidwa ndi makampani a mu Blantyre ndi Limbe, wina kumupera kukhala dal, wambiri kumutumiza ku India. Tsono munthu akaitanitsa dal m'tauni n'kutheka ndithu kuti akudya nandolo wa kwa agogo ake. Koma liwulo silinalowe m'Chichewa, chifukwa agogowo anali kale ndi chipere, nyemba zoperedwa n'kuphikidwa mpaka kuphwetekera. Malo anali odzaza. Tchana ndiye analowa, kuchokera ku chana wa Chihindi, chifukwa mbewuyo inalibe dzina lina m'munda mwathu.

Achali ndi achar wa ku Persia, amene anadzera ku India. Chichewa sichilola liwu kuthera pouma, ndiye tinaliwonjezera i kumapeto. Analowa mosavuta chifukwa zomupangira zili pabwalo: mango osakhwima a mwezi wa October ndi November, mchere, mafuta, dzuwa ndi tsabola. Pa tsabola pokha palibe anaphunzitsa mnzake. Mbewuyo inachokera ku America, ndipo Apwitikizi anaifikitsa ku India ndi ku Africa m'zaka za m'ma 1500. Dzina loti piripiri ndi lakale kuposa pamenepo. Ku India wakale kunali pippali, mtundu wina wa zoyabwa pakamwa, ndipo dzinalo linadzera kwa Aperezi ndi Aluya mpaka kukhala pilipili pa Chiswahili. Kambuzi ndi wathuwathu, kambuzi kakang'ono, ndipo botolo la Nali la ku Limbe, lija lolembedwa kuti "Abale samalani", limaima pa matebulo a malesitilanti ambiri mosachita manyazi.

Chapati amachokera ku liwu la Chihindi lonena za kuphwatalala ndi kuomba ndi chikhatho, monga amachitira wophika akamaponya mtanda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Wa m'nyumba ya mwenye amawotchedwa pouma. Wa pa msika wathu ndi wamafuta, wofanana ndi wa ku Dar es Salaam, zomwe zikusonyeza kuti anatipeza kudzera njira ziwiri. Koma zigege zinachita zosiyana. Aliyense amene wadyapo bajiya, mbatata yodula mopyapyala yoviika m'phala la ufa wa tchana n'kukazinga, akaona zigege pa Ndirande amazindikira ubale. Ufa wa tchana unalowedwa m'malo ndi wa tirigu, chikasu chikuchokera m'kapaketi, ndipo dzina ndi la m'kamwa mwa ana a sukulu.

Za Matchaina nkhani yake ndi yaifupi. Lesitilanti ya Hong Kong yakhala mu Blantyre kwa zaka zambiri, koma anthu a ku China anachuluka Malawi atakhazikitsa ubale ndi Beijing mu December 2007, n'kusiya Taiwan amene anali naye kuyambira 1966. Kuchokera apo malo odyera za ku China awonjezeka, ndipo achinyamata ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi amapitako masana. Komabe palibe dzina la chakudya chawo limene mungalimve pa msika wa Zingwangwa. Chow mein ndi mawu awiri, loyamba kukazinga, lachiwiri zingwe za ufa wa tirigu. Chiwaya chawo chakuya chija amachitcha wok, ndipo wokazinga tchipisi pa chiimilire atachiona angachigwire tsiku lomwelo, poti moto waukali ndi dzanja lachangu ndi ntchito yake ya tsiku lililonse. Chimene chikusowa ndi zaka. Amwenye takhala nawo zaka zoposa 130, ndipo ana a makhukhi oyamba aja ali ndi zidzukulu.

Koma kum'mawa kwa Asia kunachokera mawu awiri amene timawatchula tsiku lililonse. Loyamba ndi tiyi. Ku China chakumwachi chili ndi matchulidwe awiri. Madera ambiri amati cha, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera chai wa Aswahili ndi amwenye, komanso chá wa Apwitikizi. Ku gombe la Fujian amati te, ndipo amalonda a ku Holland amene ankagula kwa anthu a kumeneko anapita nalo ku Ulaya. Angerezi analilandira, n'kubwera nalo kuno pamodzi ndi mbewu imene inayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890. Choncho mu Limbe, mwini sitolo akamamwa chai m'kati, mlonda wake akumwa tiyi pakhonde, onse akutchula liwu limodzi la Chitchaina limene linazungulira dziko mbali ziwiri.

Lachiwiri ndi soya. Poyamba silinali dzina la nyemba. Ku Japan shoyu ndi msuzi wakuda wamchere uja umene mumaupeza m'kabotolo pa tebulo la lesitilanti ya Matchaina. Anthu a ku Holland omwe aja anautcha soja, kenaka dzina la msuzi linasamukira ku nyemba zopangira msuziwo. Lero alimi a ku Mchinji ndi ku Kasungu amalima soya, amayi amamuthira m'phala la ana, ndipo pa mwezi wovuta nyama ya soya ndiyo imapulumutsa mabanja ambiri m'malokeshoni. Msuzi umene unabereka dzinalo ambiri mwa odya soyawa sanaulawepo.

Liwu limene lili pakhomo panopa ndi la timapaketi ta m'magolosale, tija tongothira madzi otentha, timene Momofuku Ando anayambitsa ku Japan mu 1958. Ana asukulu amatikonda chifukwa n'totsika mtengo ndipo sitifuna makala ambiri. Amati ma noodles, ma wathu kutsogolo, s wa Chingerezi kumbuyo, ndipo kalembedwe ka Chichewa sikanakhazikike. Tchipisi naye anayamba choncho.